MZERE WAUTALI WA OFUNA MAKINA A STEAM DECK

Pa 15 July 2021 kampani ya Valve, ya ku Bellevue m'dziko la America, inalengeza za makina ace atsopano, dzina lace Steam Deck. Makinawo ndiwo kompyuta yaing'ono yogwira m'manja, yocitirapo masewera. Mitengo yace inali itatu: madola 399, 529 ndi 649.

M'mawa mwace anthu a ku America, Canada, Britain ndi maiko ena a ku Europe anayamba kulembetsa maina. Yense anapereka cikole ca madola 5, nalowa pa mzere monga acitira anthu pa cigayo: wofika msanga ndiye agaitsa msanga. Kampaniyo inati katundu adzayamba kutumizidwa mwezi wa December. Koma pofika November inapepesa kuti zipangizo zasowa, ndipo tsikulo linasunthidwa miyezi iwiri.

Cifukwa cace cinali cotani? Mtima wa makina otere ndiwo kacipangizo kakang'ono kopyapyala, kamene mafakitale odziwa kukapanga ali owerengeka, ndipo akulu a iwo ali ku Taiwan ndi ku South Korea. M'nyengo ya nthenda ya Covid-19 anthu ambiri anakhala m'nyumba nagula makompyuta, kotero kuti tizipangizoto tinapelewera, ngakhale kwa opanga galimoto. Pa nyanja panalinso bvuto. M'mwezi wa January 2022 sitima zoposa 100 zinali kudikira malo pa madoko a Los Angeles ndi Long Beach.

Makalata oyamba oitana anthu kudzalipira anaturuka pa 25 February 2022. Wolandira kalatayo anapatsidwa maora 72, ndiwo masiku atatu. Akapanda kulipira, malo ace anapita kwa mnzace wa pambuyo. Tsono munthu woleza mtima miyezi isanu ndi iwiri akadatha kutaya malo ace cifukwa ca kusayang'ana makalata masiku atatu okha.

Otsalawo kampani sinawauze tsiku leni leni. Inangochula cigawo ca caka, monga April kufikira June, kapena kunena kuti pambuyo pa September. Pamenepo ogula anapeza nzeru yao. Popeza nthawi imene yense analembetsa inasungidwa, iwo anayamba kuuzana. Munthu akaitanidwa anali kunena ora ndi mphindi imene analembetsa, dziko lace, ndi mtundu wa makina amene anasankha, pakuti mzere sunali umodzi ai. Potero onse anadziwa pamene mzere wao wafika.

Aphunzitsi angathe kupatsa ana samu iyi. Tiyerekeze kuti sabata yatha anaitanidwa olembetsa pa 10.20, ndipo sabata ino afika pa 10.30. Mzere ukuyenda mphindi 10 pa sabata. Munthu wolembetsa pa 11.00 adzadikira masabata angati? Yankho ndilo atatu.

Koma samu yotere inali kunamiza ena. Khamu lalikuru linalembetsa pa ora loyamba, ndipo masiku otsatira anthu anabwera mwa apo ndi apo. Cotero mzere unayamba ngati kamba, nufulumira pambuyo pace. Ndiponso m'mwezi wa June kampani inanena kuti makina otumizidwa pa sabata adzaposa kawiri ciwerengero cakale. Ambiri amene anawerengera miyezi analandira msanga.

Atalipira, wogula anapatsidwa nambala ya mtokoma wace kuti aziulondola nayo. Apanso ena anabvutika mtima pacabe, pakuti nambalayo kawiri kawiri imaturuka mtokoma usanacoke m'nyumba ya katundu, ndipo pamapita tsiku kapena masiku usanaoneke kuti uli pa ulendo.

Pofika October 2022 mzerewo unatha, ndipo munthu anatha kugula makinawo popanda kulembetsa dzina.