Nsadzu ndi Nzeru Zace

Munthu woyenda pa mseu wa Great East Road kucokera ku Lusaka, akapitirira Chongwe, alowa m'dziko la Rufunsa asanafike pa mlatho wa Luangwa. Ndilo dziko la mapiri ndi nkhalango za mombo. M'nkhalango zotere mukhala mbalame yaing'ono yotuwa, dzina lace nsadzu. Ikaona munthu ilira kosalekeza, niuluka kutera pa mtengo wina patsogolo, nilindira. Woilondola afika pa mphako ya njuci. Iye afukiza utsi, naboola mtengo ndi nkhwangwa, natenga uci. Mbalame itsala nidya phula ndi ana a njuci.

Makolo anadziwa izi kalekale. Alendonso anazizwa nayo mbalameyi. M'caka ca 1588 wansembe wa Cipwitikizi, João dos Santos, ali ku Sofala, anaona kambalame kalikulowa m'nyumba yopemphereramo kudzadya phula la makandulo, ndipo analemba za iko m'buku lace la 1609. Koma funso linakhalabe: kodi nsadzu imvana ndi munthu ndithu, kapena anthu angoiganizira nzeru zimene iribe?

Funso lotere siliyankhidwa ndi nthano, koma ndi kuyesa ndi kuwerenga. M'caka ca 1989 Hussein Isack ndi Heinz-Ulrich Reyer analengeza zimene anapeza pakati pa Aborana a ku Kenya. Ofula uci akayenda okha, anataya pafupifupi maora 9 kuti apeze njuci. Akatsogozedwa ndi nsadzu, maora 3 ndi mphindi zowerengeka anakwanira. Potero kunatsimikizika kuti mbalame itsogoleradi.

Cinatsala ndico kudziwa ngati mbalame imva kuitana kwa munthu. Ayao a ku Niassa, kumpoto kwa Mozambique, poyenda m'thengo aitana nsadzu ndi mau akuti "brrr-hm," amene anaphunzira kwa atate ao. Claire Spottiswoode, wa masukulu akulu a Cambridge ndi Cape Town, pamodzi ndi Keith ndi Colleen Begg, anajambula mau a mitundu itatu: kuitana kuja, mau wamba a Ciyao, ndi kulira kwa njiwa. Tsono anayenda ndi ofula uci maulendo 72, uliwonse wa mphindi 15, makina alikutulutsa mtundu umodzi wa mauwo. Anatero pakuti phokoso liri lonse likhoza kuuza mbalame kuti pali munthu. Anafuna kuona ngati mau enieniwo ali ndi tanthauzo kwa iyo.

Zotsatira zace zinasindikizidwa mu 2016. Pomveka mau wamba kapena njiwa, nsadzu inadza kudzatsogolera pa ulendo umodzi mwa atatu. Pomveka "brrr-hm," inadza pa maulendo awiri mwa atatu. Mwai wakupeza njuci unakwera kucokera pa 17 kufika pa 54 mwa 100. Mbalame ya m'thengo, yosawetedwa ndi munthu ali yense, isiyanitsa wofuna uci ndi wongopita.

Kodi inabadwa ndi cidziwitso cimeneci? Pano pali codabwitsa. Nsadzu simanga cisa. Iikira dzira lace m'cisa ca mbalame ina. Ku Choma, kum'mwera kwa Zambia, Spottiswoode yemweyo anajambula anapiye ace m'mauna a pansi, alikupha ana a mwini cisa ndi kambedza kakuthwa ka pa mlomo. Mwana wa nsadzu aleredwa ndi alendo, ndipo amace samphunzitsa kanthu.

Yankho linaoneka bwino mu 2023, pamene Spottiswoode ndi Brian Wood anafanizira maiko awiri. Ahadza a ku Tanzania saitana monga Ayao. Iwo aimba mluzu. Mau a mitundu yonse iwiri anamveketsedwa ku maiko onse awiri. Nsadzu za ku Tanzania zinabvomera kwambiri mluzu wa Ahadza, ndipo za ku Niassa zinabvomera kwambiri kuitana kwa Ayao. Mbalame ndi ya mtundu umodzi, koma iri yonse idziwa mau a anthu a kwao. Cinthu cosiyana dziko ndi dziko motere cioneka kuti ncophunzira, cosati cobadwa naco. Akatswiri aganiza kuti zazing'ono ziphunzira poona zazikulu, ndi pakupeza phula pamene pafika anthu oitana mwa njira ija.

Tsono nzeru imeneyi ikhala pakati pa awiri. Munthu aitana cifukwa mbalame imadza, ndipo mbalame imadza cifukwa munthu aitana. Mmodzi akaleka, winayo ataya cizolowezi. M'madera ena a Africa, kumene anthu analeka kufula uci wa m'thengo, nsadzu sizitsogoleranso kawirikawiri.

Apa ndipo nkhani ikhudza Rufunsa. M'mbali mwa mseu muja muli matumba a makala olindira malole a ku Lusaka. Mitengo yaikulu ndiyo iri ndi mphako, ndipo m'mphako ndimo mukhala njuci. Ikatha mitengo, njuci zisamuka, ndipo nsadzu isowa kumene ingatsogolere munthu. Wofula wanzeru sagwetsa mtengo ngati angathe kukwera, azima moto wace asanacoke, nasiyira mbalame gawo lace. Akulu amati woimana adzatsogozedwa kwa njoka kapena mkango tsiku lina. Mwambi umenewo unaphunzitsa ana kuti mnzako wa pa nchito samanidwa.

Mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi akhoza kutuma ana kwa agogo ao kukafunsa: kodi kuno nsadzu aiitana bwanji, ndi mluzu, ndi mau, kapena pogogoda mtengo? Mayankho alembedwe, pamodzi ndi dzina la mudzi ndi caka. Nchito ya ku Niassa inayamba comweco, ndi kumvera ofula uci.