Mwana wa wothyola tiyi ndi digiri yachiwiri: mafunso ndi mayankho

Kabuku kano n'ka makolo a kwa Mphuka amene mwana wawo watenga digiri yoyamba ndipo akufuna kupitiriza, pomwe pakhomo ndalama yake ndi ya ku esiteti, yongokwanira ufa ndi sopo.

Mwana wathu akuti akhoza kuphunzira masitazi osalipira fizi. Kodi sakutinamiza?

Sakunama, koma si zaulere. Mayunivesite ena amatenga wophunzira wa digiri yachiwiri kapena yachitatu kuti azithandiza aphunzitsi: kuchonga mayeso a ana a chaka choyamba, kuyang'anira labu, kusonkhanitsa zofunika pa kafukufuku wa pulofesa. Yunivesite imamukhululukira fizi, ndipo kawirikawiri imampatsa kangachepe pamwezi. Ku America, kumene zimenezi n'zofala, amati graduate assistantship. Ndi ganyu ndithu, kungoti khasu lake ndi cholembera.

Kuno kwathu ziliko?

Ziliko, ngakhale mipata yake ndi yochepa. Mayunivesite a boma akhala akulemba okhoza bwino digiri yoyamba ngati staff associate, kenako n'kuwafunira njira yokachitira masitazi. Bungwe la RUFORUM, lomwe likulu lake lili ku Kampala ndipo LUANAR ndi membala, lili ndi dongosolo loti mphunzitsi wa yunivesite ina akachite digiri ya udokotala ku yunivesite inzake, kumene salipira fizi koma amaphunzitsa. Kuyambira 2016, ndalama za World Bank zathandizanso ophunzira a masitazi pa zaulimi wa nsomba ku Bunda.

Nanga bungwe la ngongole za ophunzira?

Higher Education Students' Loans and Grants Board linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ndipo ambiri amene limawathandiza ndi a digiri yoyamba. Musaiwale kuti imeneyi ndi ngongole, mwana adzabweza.

Bwanji opereka thandizo amanena kuti akufuna ana a m'mabanja osowa? Si kukondera kumeneko?

Yunivesite ya MUST ili ku Ndata, m'boma lathu lomwe lino la Thyolo, ndipo inatsegulidwa mu 2014. Koma kuyandikira kwa mpanda sikulowetsa munthu m'kalasi. Mwana amene anaphunzira pa CDSS yopanda labu, amene patchuthi ankasenza dengu m'malo mowerenga, akakhoza mofanana ndi mnzake wa pasukulu yolipira ya ku Blantyre ndiye kuti wayenda mtunda wautali kuposa mnzakeyo. Kuwerengera mtunda umenewo ife sitikuona kuti n'kukondera.

Kota yosankhira ophunzira a ku yunivesite, imene boma linalengeza kuti yatha mu 2020, inkayang'ana boma limene mwana akuchokera. Mwana wa manijala ndi mwana wa wothyola tiyi onse ankangolembedwa kuti a ku Thyolo. Mapulogalamu monga a Mastercard Foundation, amene anayamba mu 2012 ndipo amagwira ntchito ndi mayunivesite ngati Pretoria ndi Cape Town, amafunsa za pakhomo penipeni: amalipira fizi ndani, makolo amapeza bwanji, mwanayo wachitapo chiyani kumudzi kwawo.

Chimene chimagwetsa ana ambiri n'chiyani?

Si nzeru ayi. Ndi tinthu ting'onoting'ono. Pasipoti palibe. Pepala la magiredi lagwidwa chifukwa cha ngongole ya fizi. Kumene akufuna mayeso a Chingerezi a IELTS, ndalama yake ndi yambiri. Bandulo yatha tsiku lomaliza kutumiza fomu. China n'chakuti mwana wa kumudzi amachita manyazi kupempha mphunzitsi wake kalata yomuchitira umboni, pomwe kalatayo ndiyo imawerengedwa mosamala. Ayambe kudziwana ndi aphunzitsi akadali chaka chachitatu. Adziwenso malamulo a wopereka thandizo aliyense: Chevening imafuna zaka ziwiri za ntchito, pomwe Beit Trust imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha.

Ife tatopa, timayembekeza kuti ayambe ntchito azithandiza azing'ono ake. Tidikirebe?

Kutopako n'koona, ndipo sitikunamizani: kangachepe ka wothandizira aphunzitsi sikangamange nyumba ya malata. Khalani pansi ndi mwanayo, akuonetseni kalata ya yunivesite. Muonemo zinthu izi: fizi yonse yachotsedwa kapena theka, malo ogona alipira ndani, thandizolo ndi la miyezi ingati, ndipo akalephera phunziro limodzi chimachitika n'chiyani. Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama pa foni kuti dzina la mwana lilowe pa mndandanda, ameneyo ndi wakuba.