Mafuta oyeretsa khungu m'chikwama cha mwana

Funso: Mwana wanga wamkazi wa zaka 13 wayamba kudzola mafuta oyeretsa khungu amene anagula ku City Market. Wogulitsa anamuuza kuti ana angadzole. Kodi lamulo limalola zimenezi? Ndine mayi wa ku Kabwata.

Yankho: Mayi, werengani kaye zolembedwa pa botolopo. Mukaona hydroquinone, clobetasol kapena betamethasone, dziwani kuti amenewo ndi mankhwala oyenera kulembedwa ndi dokotala. Amapyapyalitsa khungu, amabweretsa ziphuphu ndi mawanga akuda ovuta kuchoka, ndipo pa mwana amalowa m'thupi mosavuta. Choopsa kwambiri ndi mercury, amene amawononga impso ndi ubongo, koma opanga ambiri samulemba n'komwe. Zambia inavomereza pangano la Minamata mu 2016, ndipo panganoli limaletsa zodzola zokhala ndi mercury.

Mankhwala otere amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la ZAMRA, pansi pa lamulo la mankhwala la 2013. Kunamiza wogula kuti mafutawo ndi abwino kwa ana ndi nkhani ya bungwe loteteza ogula la CCPC. Kadandauleni konseko, mutanyamula botolo. Kunena zoona, oyendera a mabungwewa sangafike pa tebulo lililonse mumsika waukulu chonchija.

Mwanayo musamukalipire. Pitani naye kuchipatala, chifukwa akasiya mwadzidzidzi mafuta a clobetasol khungu limatha kufiira ndi kuyabwa.