Imatinib ndi Vuto la Mawu Akuti "Kumaliza Mankhwala"

Mu nkhani ino ndikufuna kufotokoza za mankhwala otchedwa imatinib, amene amaperekedwa kwa odwala mtundu wina wa khansa ya m'magazi. Ine maphunziro anga ndi a chiyankhulo, osati a udokotala. Komabe ndikuona kuti mawu amene timagwiritsa ntchito pokamba za matenda angathe kumuthandiza wodwala kumwa mankhwalawa moyenera, kapena kumusocheretsa.

Tiyambe ndi dzina la matendawo. M'Chichewa timangoti "khansa ya m'magazi" ngati kuti ndi nthenda imodzi, chonsecho madokotala amasiyanitsa mitundu ingapo. Imatinib amathandiza makamaka pa mtundu wotchedwa chronic myeloid leukemia, mwachidule CML. Pa nthendayi mafuta a m'mafupa amapanga maselo oyera ambiri kuposa muyeso, munthu amafooka, amaonda, amatuluka thukuta usiku ndipo kapamba amatupa. Mu 1960 Peter Nowell ndi David Hungerford a ku Philadelphia anapeza kuti m'maselo a odwalawa muli chromosome imodzi yaifupi modabwitsa. Mu 1973 Janet Rowley anaonetsa kuti chromosome 9 ndi chromosome 22 zimasinthana zidutswa. Pamene zidutswazo zalumikizana pamabadwa jini yotchedwa BCR-ABL, yomwe imapanga puloteni yolamula maselo kuti azingoswana osaleka. Ntchito ya imatinib ndi kutseka puloteni imeneyi. Choncho munthu amene khansa yake ilibe chilema chimenechi nthawi zambiri sangapindule nawo, ngakhale dzina la nthenda yake m'Chichewa ndi lomwelo. N'chifukwa chake mankhwalawa sayenera kuyambidwa magazi kapena mafuta a m'mafupa asanayezedwe, ndipo kubwerekana mapiritsi ndi mnansi "wodwala zofanana" n'koopsa.

Imatinib anavomerezedwa ku America mu 2001. Kampani ya Novartis inkagulitsa mankhwalawa pa dzina la Gleevec kumeneko ndi Glivec m'mayiko ena, pa mtengo umene munthu wamba sakanaukwanitsa. Kampaniyi, mogwirizana ndi bungwe la The Max Foundation, inayamba kuwapereka ulere kwa odwala a m'mayiko ambiri osauka. Mu 2013 khoti lalikulu la ku India linakana kupatsa Novartis umwini wa mankhwalawa m'dzikolo, kotero makampani a ku India anapitiriza kupanga otsika mtengo. Mu 2015 bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri. Izi zikutanthauza kuti pa botolo pangalembedwe mayina osiyanasiyana, koma liwu loyenera kuliyang'ana ndi lakuti imatinib, pamodzi ndi nambala ya mamiligalamu. Kuno kwathu njira yake ndi yodzera ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli madokotala a khansa. Mapiritsi ogula pamsika kapena kwa munthu wongolonjeza kuti akawabweretsa kuchokera kunja alibe womutsimikizira wodwala kuti ndi enieni.

Tsopano ndifike pa mawu amene ndikuona kuti ndi ovuta kwambiri. Kwa zaka zambiri a zaumoyo akhala akutiphunzitsa kuti "malizani mankhwala". Uthengawu ndi wabwino. LA wa malungo timamaliza pa masiku 3, mankhwala a TB pa miyezi 6. Mneni "kumaliza" amatanthauza kuti pali mathero, ndipo kutsogolo kwa matherowo kuli "kuchira". Imatinib salowa m'chiganizo chotere. Amafanana kwambiri ndi ma ARV: amapondereza nthendayo, koma kwa anthu ambiri saichotseratu. Pakatha masabata kapena miyezi yochepa magazi amabwerera m'malo mwake, kapamba amaphwa, munthu amayambanso kulima. Achibale amati "wachira". Liwu loona linali lakuti "akupeza bwino", ndipo pakati pa mawu awiriwa pagona moyo wa munthu. Akasiya kumwa, kapena akamadumphitsa masiku, maselo oipa aja amachulukanso, nthawi zina atasintha moti imatinib sawagwiranso. Alipo odwala ena amene amaloledwa kuyesa kusiya atamwa kwa zaka zingapo, koma amasankha ndi dokotala, ndipo amatero pokhapokha magazi akamayezedwa pafupipafupi ndi njira ya PCR. Ndikanakhala ine womasulira kapepala ka malangizo, ndikanapewa mneni "kumaliza" n'kulemba kuti: "Botolo likatsala pang'ono kutha, bwerani mudzatenge lina."

Kamwedwe kake si kovuta. Akuluakulu ambiri amayamba ndi mamiligalamu 400 kamodzi pa tsiku, pamodzi ndi chakudya komanso kapu yodzaza ya madzi, kuti m'mimba musavute. Munthu akaiwala tsiku lina, sayenera kumwa kawiri mawa lake pofuna kubweza. Mseru, kutupa zikope, kukokana kwa minofu, kutsegula m'mimba ndi zidzolo zimachitika kawirikawiri. Koma kutentha thupi, kutuluka magazi, kubanika, kunenepa mwadzidzidzi chifukwa cha madzi kapena maso achikasu ndi zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala.

Liwu lina losokoneza ndi "mankhwala" lomwelo. Namwino akafunsa kuti, "Kodi mukumwa mankhwala ena?", wodwala angayankhe kuti ayi, poganiza kuti akufunsidwa za a khansa okha, kapena pochita manyazi kutchula zitsamba za kwa sing'anga. Chonsecho imatinib amagayidwa m'chiwindi, ndipo zinthu zina zimasokoneza kagayidweko. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, amachepetsa kwambiri imatinib m'magazi. Ma ARV ena nawonso amasintha mlingo wake, pamene manyumwa amaukweza. Ngakhale panado safunika kumwedwa mwachisawawa. Funso labwino n'lotchula zinthuzo chimodzichimodzi: a TB, ma ARV, a khunyu, zitsamba, ogula pa golosale.

Kwa amayi pali funso linanso limene mwambo wathu umalizungulira. Imatinib angathe kuvulaza mwana wosabadwa, ndipo woyamwitsa salangizidwa kumwa. Mayi wachichepere sangathe kunena pamaso pa apongozi ake amene amuperekeza kuti ndi woyembekezera, kapena kuti akufuna kulera. Funso limeneli liyenera kufunsidwa womuperekezayo atatuluka.