Kodi Kukwera kwa Malo Kumasokoneza Tulo?

Tsegulani makope. Munthu wa ku Nsanje akabwera kudzakhala kwa achibale ku Kawale kapena ku Chinsapo kuno ku Lilongwe, n'kumadandaula kuti tulo sakutiona bwino ndipo njala ikumugwira msanga, ambiri mumathamangira kunena kuti kuno n'kokwera. Tiyeze kaye mfundoyo.

Nsanje safika n'komwe mamita 100 pamwamba pa nyanja yamchere. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050, ndipo nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa 3,002. Konseko okosijeni ndi magawo 21 pa 100 alionse a mpweya. Lembani zimenezo, pakuti m'mayeso mumakonda kulakwitsa. Chimene chimasintha mukamakwera ndi kupepuka kwa mpweyawo. Kuno ku Lilongwe mukakoka mpweya kamodzi mumalandira pafupifupi magawo 88 pa 100 a okosijeni amene munthu wa kunyanja yamchere amalandira. Pa Sapitwa, magawo 70 okha.

Tsopano wotchi ya thupi. Pansi pa ubongo pali kagulu ka maselo kamene kamasunga nthawi ya maola pafupifupi 24, ndipo kamamvera maso. Mdima ukagwa, kamalamula kachiwalo kotchedwa pineal kuti katulutse melatonin, homoni imene Aaron Lerner anaipeza mu 1958. Melatonin si mankhwala ogonetsa ayi. Ili ngati belu lathu pano pasukulu: siliphunzitsa, limangolengeza kuti nthawi yakwana. Ikachuluka m'magazi thupi limazizirako, ndipo kagayidwe ka chakudya kamabwerera m'mbuyo.

Mavuto enieni a kukwera amayamba munthu akapyola mamita pafupifupi 2,500. Kumeneko amapuma mofulumira kuti apeze okosijeni wokwanira, koma potero amataya carbon dioxide wambiri. Ubongo umadalira mpweya woipawo kuti udziwe nthawi yopumira, choncho munthu akagona umasiya kulamula kupuma kwa masekondi angapo. Kenako okosijeni amatsika, munthu n'kudzidzimuka akupumira m'mwamba. Zimabwerezabwereza usiku wonse. Masiku oyamba thupi limawotcha chakudya chambiri ngakhale munthu angokhala, koma chilakolako cha chakudya chimachepa. Mwamva? Chimachepa, sichichuluka. Impso nazo zimatulutsa homoni ya EPO yolamula thupi kupanga maselo ofiira ochuluka, n'chifukwa chake akatswiri othamanga amakaphunzira ku Iten ku Kenya, pa mamita 2,400. Mu 2017 gulu la Gad Asher ku Israel linaonetsa kuti mbewa zosinthidwa nthawi ya kuwala zinazolowera msanga nthawi yatsopano zitachepetseredwa okosijeni kwa maola ochepa. Choncho mpweya umaikhudza ndithu wotchiyo.

Koma mamita 1,050 ndi ochepa. Magazi a munthu wathanzi kuno amadzaza okosijeni bwinobwino. Mlendo wathu uja chimene chamupeza n'chisanu. Pa mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo nyumba ya malata yopanda siling'i ku Mgona mu Juni sisunga kutentha. Thupi limawotcha nsima kuti lidzifunditse, njala n'kubwera msanga. Mapazi akazizira, tulo timachedwanso.

China ndi kuwala, ndipo apa ndikunena inu. Kumudzi kumene kulibe magetsi, mdima umafika nthawi yake ndipo melatonin imatuluka nthawi yake. M'tauni muno muli babu, wailesi ya kanema, ndi foni yoyang'anitsitsa pansi pa bulangete mpaka 11 koloko. Kuwala koteroko kumachedwetsa melatonin, koma minibasi ya m'mamawa ku Area 25 sichedwa nanu. Inu akumbuyoko amene mumawodzera phunziro loyamba, musanamizire phiri. Kodi simunaone kuti magetsi akathima madzulo, nyumba yonse imagona msanga?

Ntchito ya kunyumba. Johannesburg ali pa mamita pafupifupi 1,750. Fotokozani m'ndime imodzi chimene chingasokoneze kwambiri tulo ta mlonda wa ku Malawi wogwira ntchito usiku kumeneko, pakati pa mpweya, chisanu ndi kuwala, ndipo perekani chifukwa. Makope ndiwapeze patebulo langa Lolemba.