Kodi Laputopu ya Mwini Windows Siwonongeka?

Ambiri a ife timaganiza kuti kampani imene inalemba Windows ikapanga yokha kompyuta, ndiye kuti zonse zidzayenda myaa. Maganizowa ndi omveka, poti ndani angadziwe nyumba kuposa amene anaimanga? Tiyeni tiwayese poona nkhani ya Surface, makompyuta amene Microsoft inayamba kugulitsa mu 2012.

Mu Okutobala 2015 munatuluka Surface Pro 4 ndi Surface Book. Sipanapite nthawi, ogula anayamba kudandaula kuti akatseka makinawa n'kuwaika m'chikwama, sankagona. Ankangogwirabe ntchito mkatimo, n'kumatentha, batire n'kutha mwini wake asanafike kumene akupita. Gwero lake linali kusamvana pakati pa mapulogalamu ndi purosesa yatsopano ya Intel yotchedwa Skylake, ndipo panadutsa miyezi Microsoft isanatulutse zokonzera mu 2016.

Surface Pro 4 inali ndi nthenda inanso. Ikatentha, sikirini inkanjenjemera moti munthu sakanatha kuwerenga. Ena anafika poiika m'firiji kuti izizire! Mu Meyi 2018 Microsoft inavomereza kuti vutoli silingathe ndi pulogalamu, ndipo inalonjeza kusinthira kwaulere amene makina awo anali asanapitirire zaka zitatu chigulireni.

Izi zisanachitike, mu Ogasiti 2017, bungwe la ku America loyesa katundu la Consumer Reports linali litasiya kale kulimbikitsa anthu kugula Surface. Litafufuza malaputopu ndi matabuleti oposa 90,000, linayerekeza kuti Surface imodzi mwa zinayi zilizonse idzavuta pofika kumapeto kwa chaka chachiwiri. Microsoft inatsutsa chiwerengerochi, ndipo mu 2018 bungwelo linabwezeretsa Surface zambiri pa mndandanda wake.

Nanga chinavuta n'chiyani? Mawu akuti "wopanga" amatisocheretsa. Microsoft imakonza mapulani a chipangizo, koma purosesa, batire ndi zina zamkati zimachokera ku makampani ena. Kuti zonsezi zimvane ndi Windows pamafunika timapulogalamu totchedwa madiraivala, ndipo kamodzi kokha kakalakwika makina onse amasokonekera. Kulemba Windows ndi luso lina, kudziwa mmene kutentha kumayendera m'kabokosi kopyapyala ndi linanso.

Kupyapyalako kulinso ndi mtengo wake, ndipo apa m'pamene ife ophunzira tiyenera kutchera khutu. Mu 2017 akatswiri a iFixit anapatsa Surface Laptop 0 pa 10 pa nkhani yokonzeka, chifukwa inamatidwa mwakuti sungaitsegule osaiwononga. Ambiri a ife timagula malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja. Batire likafa m'makina otere, wokonza wa m'tauni angachitenji, pamene ntchito ya temu yonse ili momwemo?

Choncho wina akatitsatsa Surface Pro 4 yotchipa, tikumbukire kuti nthawi yosinthira ija inatha kalekale. Tiiyatse kwa ola lathunthu mpaka itenthe, maso ali pa sikirini. Kenako tiigoneke, tidikire mphindi makumi awiri, tiikhudze kumsana kwake.