Kayesedwe ka Chakudya cha Kagalu Kamene Kakukula

Kagalu kamayamba kunyambita phala kakakwanitsa milungu 3 kapena 4, ndipo kamasiya kuyamwa pa milungu 6 mpaka 8. Kuyambira pamenepo chakudya chake chimayesedwa potengera kulemera kwake. Mwini galu akaike m'thumba, akapachike pa sikelo yoyezera mbewu, ndipo azichita zimenezi mlungu uliwonse.

Kagalu ka miyezi 2 mpaka 4 kamafuna chakudya chophika pafupifupi magalamu 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Kolemera makilogalamu 4 kadye magalamu 400, ogawidwa kanayi. Pa miyezi 4 mpaka 6 muyezo utsike kufika magalamu 70 pa kilogalamu iliyonse, kudya katatu. Kupitirira apo ukhale magalamu 40 mpaka 50, kudya kawiri. Umboni woti kakudya mokwanira uli pa nthiti: zimveke pozigwira ndi dzanja, koma zisaonekere patali.

Cholakwika chimene alangizi a ziweto amachipeza kawirikawiri ndi kulera kagalu ndi mkute. Madzulo banja likatha kudya, wina amakaponyera makoko a nsima pansi, basi tsiku latha. Nsima imadzaza mimba koma simanga mafupa kapena minofu. Kagalu kotere kamapinimbira, miyendo imapindika, ubweya umayoyoka, ndipo kamayamba kuba mazira ndi kugwira anapiye. Ena amakamana dala chakudya kapena kukathirira tsabola kuti kadzakhale kolusa. Njala siphunzitsa galu kulondera. Imangomusandutsa wakuba ndi woyendayenda. Mimba yotupa si chizindikiro cha kukhuta. Nthawi zambiri zimakhala njoka za m'mimba, zofunika mankhwala.

Chakudya choyenera nchosavuta. Gawo limodzi mwa magawo atatu likhale usipa, bonya, dzira lowiritsa kapena zam'kati zophika, magawo awiri otsalawo akhale phala la mgaiwa ndi masamba pang'ono. Usipa wosinja ndi wabwino zedi, chifukwa minga yake imalimbitsa mafupa, ndipo kusintha kwa kagalu kumaoneka m'milungu yochepa! Mtengo wa usipa umasiyana ndi nyengo komanso msika, koma nthawi zambiri zinyenyeswa zotsalira kwa ogulitsa zimapezeka motsikirako.

Anyezi, mchere wambiri ndi mafupa a nkhuku ophika nzoopsa, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiagalu tambiri. Madzi oyera akhalepo tsiku lonse. Pa miyezi 3 kagalu kalandire katemera wa chiwewe kwa mlangizi wa ziweto.